Maboti a pansi pa mkuyu

Atsibweni anga anakhala nane kuno ku Johannesburg milungu isanu ndi umodzi m'nyengo yozizira yapitayi, pamene anabwera kudzachotsedwa ng'ala m'maso. Ndimakhala ku Rosettenville, kummwera kwa mzindawu, m'nyumba imene mabanja atatu a Amalawi tinagawana zipinda, ndipo popeza adokotala anawaletsa kuyenda pa fumbi ndi pa dzuwa m'masiku oyamba, madzulo ambiri tinkathera kukhitchini, iwo atafunda bulangete, ine nditagwira kope ndi cholembera. Zimene ndinkalemba ndi mbiri ya malo athu okhomera maboti ku Nkhotakota, amene anayambitsidwa ndi agogo anga aamuna, bambo awo a mayi anga, ndipo atsibweniwo ndiwo mmisiri wotsiriza amene akugwirabe nyundo pamalopo. Malowo sanakhalepo ndi dzina kapena chikwangwani, ndipo palibe buku limene linasungidwa la maboti amene anatuluka pamenepo kwa zaka zoposa 60. Kaundula yense ali m'mutu mwa munthu mmodzi wokalamba, ndipo nditaona mmene ankapapasira kapu ya tiyi patebulo asanachitidwe opaleshoni, ndinachita mantha kuti tsiku lina kaundulayo adzapita kumanda ndisanakoperemo kanthu.

Tsiku limene diso loyamba linayera, ndinakwera nawo pachitunda china pamene mzinda umaonekera mbali zonse, ndipo atayang'ana kwa nthawi yaitali nyumba zazitali ndi milu yachikasu ya dothi la m'migodi, anandifunsa kuti, "Mphwanga, nanga nyanja ya mudzi uno ili mbali iti?" Ndinawafotokozera kuti Johannesburg anamangidwa chifukwa cha golide amene anapezeka kuno mu 1886, osati chifukwa cha madzi, kuti ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 pamwamba pa nyanja yamchere, wopanda mtsinje waukulu kapena doko, kuti mvula imene yagwa kumpoto kwa chitunda cha Witwatersrand imatsata mtsinje wa Jukskei mpaka kukafika mu Limpopo, pamene yogwa kummwera imalowa mu Vaal ndi Orange n'kukathera ku nyanja ya Atlantic, ndiponso kuti madzi amene tinaphikira tiyi m'mawawo anachokera kutali, ku damu la Vaal ndi kumapiri a ku Lesotho. Anapukusa mutu n'kunena kuti n'zodabwitsa kuti bambo awo anatenga zipangizo za maboti pamalo ouma chonchi. Ananena zoona, ndipo nkhani yathu yonse yagona pamenepo, chifukwa mzinda uno ndi umene unabala malo athu okhomera maboti, ndipo ndi womwewunso umene watenga ana amene akanapitiriza ntchitoyo.

Agogo anabwera ku Joni m'zaka za m'ma 1950 kudzera ku Wenela, bungwe limene linkalemba amuna ochokera ku Nyasaland, ku Mozambique ndi maiko ena kuti adzagwire ntchito m'migodi ya golide. Anaikidwa m'gulu la anthu okhoma mitengo yochirikiza denga la mgodi kuti miyala isagwere okumba, ntchito imene imaphunzitsa munthu kuyeza molondola, kudula molunjika ndi kuzindikira kulira kwa mtengo umene walemedwa mopitirira mphamvu zake. Pa ulendo wawo wachiwiri anawatulutsa pansi n'kuwaika ku shedi ya akalipentala, ndipo kumeneko ndi kumene anagwira koyamba chopalira matabwa ndi tchizulo. Anzawo pobwerera kumudzi ankagula njinga, makina osokera ndi masuti, koma iwo anathera ndalama zawo pa bokosi lachitsulo la zipangizo: sowo ziwiri, zopalira, matchizulo, chobowolera cha pamanja, sikweya ndi nyundo zitatu. Bokosilo lilipo mpaka lero. Mipini ya nyundozo yasinthidwa kangapo konse, koma mitu yake ndi yomwe ija inachokera kuno.

Monga mwa mwambo wathu, agogo anali mkamwini, choncho malo amene anayalapo zipangizo zawo sanali awo. Anali a mbumba ya agogo aakazi, kamchenga ka pansi pa mtengo wa mkuyu, kummwera kwa boma la Nkhotakota panjira yopita ku Chia. Nthawi imeneyo asodzi ambiri a m'dera lathu ankadalira mabwato osema pa thunthu limodzi la mtengo ndi nkhwangwa ndi nsompho. Komabe boti lokhoma la matabwa silinali lachilendo kwenikweni ku Nkhotakota, chifukwa m'zaka za m'ma 1800 a Jumbe, amalonda achiswahili amene anakhazikika kumeneko, ankakhometsa zombo za matanga zowolotsera minyanga ya njovu ndi akapolo kupita kutsidya la kum'mawa. Malonda oipawo atatha, luso la zombo linatsalira kwa akuluakulu ochepa, ndipo agogo anapeza mmodzi wa iwo, nkhalamba yachisilamu imene inkakonza zombo zonyamula katundu, n'kuyamba kuithandiza popanda malipiro kwa chaka chathunthu. Kwa nkhalambayo anaphunzira chimene mgodi sukanawaphunzitsa, chakuti m'boti mulibe mzere wowongoka, ndipo sikweya imene anaigula ndi ndalama zambiri ku Joni ili ndi ntchito yochepa pa chinthu choyandama.

Mphunzitsi wawo wachiwiri anali sitima ya Ilala. Ku Nkhotakota madzi a kugombe ndi osaya, motero Ilala imaponya nangula patali, ndipo anthu ndi katundu wawo amatutidwa ndi maboti ang'onoang'ono amene sitimayo imanyamula m'mbali mwake. Atsibweni akuti agogo sankaphonya tsiku la sitima. Ankalowa m'madzi mpaka m'chiuno n'kumasisita mabotiwo, kuyeza ndi chikhatho mmene anatakalira pakati ndi mmene mphuno zake zinapindikira. Ndili kuno ndinafufuza za amene anapanga Ilala, ndipo ndinapeza nkhani imene inakondweretsa atsibweni kwambiri moti anandiuza kuti ndiwabwerezere.

Ilala imene tikuidziwa ndi yachiwiri. Yoyamba inali kasitima koyendera nthunzi ka amishoni a Livingstonia, ndipo inapangidwa mu 1875 ku Poplar, m'mbali mwa mtsinje wa Thames ku London, pamalo aang'ono amene Alfred Yarrow anatsegula mu 1865 ali mnyamata wa zaka 23, pamodzi ndi mnzake dzina lake Hedley. M'zaka zoyambazo ankapanga timaboti ta nthunzi toyenda m'mitsinje. Ilala anaimanga ndi mabawuti kuti itheke kumasulidwa, chifukwa panjira panali mathithi a mtsinje wa Shire amene chombo chilichonse sichingadutse. Inalumikizidwa kumene Zambezi amathira m'nyanja yamchere, inakwera Zambezi ndi Shire, inamasulidwa kumunsi kwa mathithiwo, ndipo anthu mazanamazana anasenza zidutswa zake mtunda wa makilomita pafupifupi 100, osataya ngakhale kachidutswa kamodzi. Pa 12 Okutobala 1875 inalowa m'nyanja ya Malawi itanyamula E. D. Young ndi Robert Laws, ndipo dzina lake linachokera ku dera la Ilala kumene David Livingstone anamwalirira mu 1873. Maina a otsogolerawo amaphunzitsidwa m'masukulu, koma osenza aja, amene popanda iwo sitimayo ikanathera kumunsi kwa mathithi, timangowatchula ngati gulu, ndipo zimenezi zimandipweteka mofanana ndi kusowa kwa buku la maboti athu.

Banja la Yarrow linakula nayo ntchitoyo. Linayamba kupanga zombo zankhondo, kuphatikizapo ziwiri, Mosquito ndi Herald, zimene zinatumizidwa ku Zambezi mu 1890, ndipo pakati pa 1906 ndi 1908 linasamutsira zonse ku Scotstoun, ku Glasgow, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde. Kumeneko ndi kumene Ilala yachiwiri inapangidwa mu 1949, sitima yotalika mamita pafupifupi 52, imene nayonso inabwera m'zidutswa kudzera ku Beira, pa njanji mpaka ku Chipoka, n'kulumikizidwa ku Monkey Bay ndi kuyamba kunyamula anthu mu 1951. Ntchitoyo inachoka kwa Alfred kupita kwa mwana wake Harold, kenako kwa mdzukulu wake Eric, mpaka boma la Britain linatenga makampani opanga zombo mu 1977. Atsibweni atamva zimenezi anawerenga mibadwo itatu pa zala zawo, kenako anandiyang'ana ine osanena kanthu.

Boti loyamba la agogo linakhomedwa ndi maganizo a mumgodi, matabwa ochindikala ndi nthiti zothithikana, moti amuna khumi ankavutika kulikokera kumtunda ndipo opalasa ankatopa asanafike poponyera khoka. Linathera pa ntchito yonyamula nkhuni ndi miyala. Lachiwiri linali lopepuka koma linkalowa madzi pa mphuno nyanja ikangowinduka pang'ono. Lachitatu ndi limene linakhala bwino pamadzi, ndipo pa ilo anadulirapo zikombole, timatabwa topyapyala tosonyeza kupindika kwa nthiti iliyonse kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Zikombole zimenezo, zopachikidwa kudenga la shedi ndi zakuda ndi utsi, ndizo mapulani okha amene banja lathu lakhala nawo.

Ndiyenera kufotokoza mmene boti limakhomedwera, chifukwa ambiri amene timadya usipa wobwera pa basi kuno sitinaonepo ntchitoyi. Imayambira m'nkhalango, miyezi yambiri boti lisanaoneke. Mtengo ukagwetsedwa, ocheka awiri amaugoneka pamwamba pa dzenje, wina kuima pamwamba wina pansi, n'kumakokerana sowo yaitali potsata mzere wa chingwe chopakidwa makala. Matabwawo amasanjikidwa pamthunzi, ndi timitengo pakati kuti mphepo izidutsa, chifukwa thabwa laliwisi likakhomedwa limafota pambuyo pake n'kusiya mipata, ndipo louma ndi dzuwa lamphamvu limang'aluka. Pamchenga pamayalidwa kaye msana, mtengo umodzi wolimba umene umasenza zonse, kenako mphuno kutsogolo ndi thabwa lalikulu la kumbuyo. Nthiti zabwino koposa sizidulidwa pa thabwa lowongoka. Zimafunidwa pa nthambi ndi mizu imene inakula yopindika kale, chifukwa mtengo umalimba motsata mitsempha yake, ndipo nthiti yodulidwa mopingasa mitsempha imathyoka pa funde loyamba lamphamvu. Agogo ankatha masiku akuyendayenda m'thengo kufunafuna mphanda zoyenera, ndipo ana oweta mbuzi ankadziwa kuti akaona nthambi yopindika bwino ayenera kukanena pa mkuyu.

Matabwa a m'mbali amanyowetsedwa ndi kuwambidwa pamoto kuti afewe, kenako amapindidwa pang'onopang'ono ndi zingwe ndi zopanira, mbali iyi thabwa limodzi, mbali inayo limodzi, kuti boti lisapotoke. Msomali uliwonse umayamba waboweredwa kabowo kake, apo ayi thabwa limang'ambika, ndipo nsonga yake ikatulukira mkati imapindidwa n'kubwezeredwa mumtengo, wina akumenya kunja, wina atatsamiritsa chitsulo mkati. Imeneyi inali ntchito yanga yoyamba ndili ndi zaka khumi, kukhala m'mimba mwa boti nditagwira chitsulo, makutu akulira mpaka pogona. Pomaliza mipata imatsekedwa ndi thonje kapena ulusi wa chiguduli wokhomeredwa ndi tchizulo yobuntha, pamwamba pake phula wotentha, kenako penti. Boti latsopano limachucha ndithu, ndipo mwiniwake ngati sadziwa amakwiya, koma likakhala m'madzi masiku angapo matabwa amafufuma n'kulumana okha. Agogo sankalandira ndalama yotsiriza boti lisanagone m'madzi sabata yathunthu.

Atsibweni sakumbukira maboti potsata maina amene eni ake ankalembapo ndi penti, chifukwa dzina limasintha boti likagulitsidwa. Amawakumbukira potsata mitengo imene anachokera, ndipo m'kope langa ndawalemba momwemo. Pali awiri ochokera ku mtengo wa mbawa wa kumtsinje, umene unagwa wokha ndi mvula, ndipo limodzi mwa awiriwo linakalamba likututa mpunga kuchokera m'madambo a m'mphepete mwa nyanja kupita kumsika wa paboma. Pali la mlombwa wa kuphiri, limene linagwirira ntchito bambo, mwana ndi mdzukulu, likusinthidwa thabwa apa ndi apo, mpaka msana wokha ndi umene unatsala wa pachiyambi. Pali limodzi lokha la mkungudza wa ku Mulanje, umene mwini boti anachita kuitanitsa yekha, ndipo atsibweni amati sanagwirepo thabwa lina lopepuka, losafumbwa ndi lonunkhira ngati limenelo, moti fungo lake linakhala m'shedi mpaka dzinja linalo. Ndipo pali limene ine ndimalikonda kuposa onse, la odwala. Agogo analikhoma lotakata, pansi pake poyala bwino kuti machira agone osapendekeka, ndi mizati inayi yomangapo tenti, ndipo linkatenga odwala ndi amayi oyembekezera m'midzi imene misewu yake imaduka m'dzinja. Mayi anga analikwera usiku wina wamvula ali ndi pathupi panga, atsibweni atagwira nkhafi kutsogolo, ndipo ndinabadwa m'bandakucha atangofika kuchipatala.

Boti limodzi anazengereza kulitchula, ndipo analitchula usiku wina wa m'sabata yachinayi, ana a m'nyumba atagona. Munthu wina wamalonda anafuna boti lalitali koma lowonda, loti lizithamanga kuposa a anzake, ndipo agogo, amene chaka chimenecho anali ndi ngongole ya matabwa, anavomera ngakhale mtima wawo unkakana. M'nyengo ya mwera, pamene mphepo imawomba masiku otsatizana n'kuutsa mafunde othithikana amene amamenya boti lisanadzuke pa funde loyamba, botilo linanyamuka litadzaza anthu ndi matumba kupyola muyeso wake, ndipo linagubuduzika gombe likuoneka. Ena anasambira, ena sanafike. Palibe amene anaimba agogo mlandu, poti aliyense anaona mmene linalemedwera, koma iwo anadziimba okha. Anali a m'badwo umene unkakumbukira sitima ya Vipya, imene inagubuduzika pa 30 Julayi 1946 kufupi ndi Chitimba n'kupha anthu 145, ndipo ankadziwa kuti nyanja yathu, yotalika makilomita oposa 560 ndi yakuya mamita pafupifupi 700, si yoseweretsa. Anatseka bokosi la zipangizo mpaka mvula inagwa. Atalitsegulanso anaika lamulo limene atsibweni amalisungabe, lakuti mwini ndalama angathe kusankha kutalika kwa boti ndi mtundu wa penti, koma kutakata ndi kuya kwake amasankha ndi mmisiri, ndipo amene sakufuna apite kwina.

Atsibweni sanafune kukhala okhoma maboti. Monga anyamata onse a msinkhu wawo, mtima wawo unali ku Joni, ndipo kumayambiriro kwa 1974 anali atalembetsa kale ku Wenela, akudikira kuitanidwa. Pa 4 Epulo chaka chimenecho ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown, ku Botswana, n'kupha anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi obwerera kwawo kuchokera kumigodi, ndipo Dr. Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu ntchito za kumigodiko. Pamene njira inatsegukanso mu 1977 pansi pa dzina la Theba, atsibweni anali atakwatira m'mudzi woyandikana, kumene ankatha kuyenda wapansi kufika pa mkuyu m'mawa uliwonse, ndipo anali atakhoma kale boti lawo loyamba popanda agogo kugwirapo. Ulendo wodzachotsedwa ng'alawu ndi umene unawapondetsa koyamba mzinda umene anaulakalaka zaka 50 zapitazo.

Zaka za atsibweni ndizo zinali zotanganidwa koposa. Chambo chitayamba kuchepa, asodzi anatembenukira ku usipa ndi utaka, nsomba zimene zimaphedwa pakati pa nyanja pogwiritsa ntchito ukonde wa chilimira, kawirikawiri usiku pozikopa ndi nyali. Usodzi umenewu umafuna boti lalikulu lonyamula ukonde ndi anthu, lotha kukoka mabwato a nyali mpaka kumalo ophera, ndipo umafuna injini. Atsibweni anasintha zikombole za agogo. Thabwa la kumbuyo analichindikalitsa n'kulimanga ndi mphanda kuti lipirire kunjenjemera kwa injini ya Yamaha, ndipo mphuno anaikweza kuti isamwe madzi boti likamathamanga. Ndalama zogulira zonsezi zinkachokera kuno. Ulamuliro wa tsankho utatha ku South Africa mu 1994, anyamata anayamba kubwera okha pa basi, ndipo ambiri mwa maboti athu analipiridwa ndi anthu osamalira maluwa, ophika ndi ogulitsa m'mashopu a ku Mayfair, Fordsburg ndi Randburg. Munthu ankatumiza ndalama za matabwa chaka chino, za ukonde chaka chamawa, injini n'kubwera nayo yekha pa Khirisimasi m'ngolo ya basi. Nyanja inakwera kwambiri mu 1980 n'kumiza shedi yoyamba, ndipo inachitanso chimodzimodzi mu 2024, koma zimenezo sizinaimitse ntchito, chifukwa madzi amabwerera ndipo shedi imasunthika.

Chimene sichibwerera msanga ndi mtengo. Mlombwa wokwanira kutulutsa thabwa la boti umatenga zaka makumi ambiri kuti ukule, ndipo ife tonse, okhoma maboti, osema mabwato, opala mipando ndi owotcha makala ndi njerwa, tinadula mofulumira kuposa mmene mitengo inkamerera. Sindingachotse banja lathu pa mlanduwu, chifukwa pa mitengo yonse imene ili m'kope langa palibe umene tinadzala wina m'malo mwake. Mkungudza, umene unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, watsala pang'ono kutheratu pa phiri la Mulanje. Mitengo ikuluikulu imene yatsala kwathu ili m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, ndipo ine ndimati ndi bwino kuti ili kuseri kwa mpanda. Lero atsibweni amakhoma ndi paini wa ku Chikangawa ndi bulugamu. Paini ndi wofewa ndipo amapalika mosavuta, koma amamwa madzi n'kuyamba kuwola mozungulira misomali, kotero boti limene kale likanakhala m'badwo wathunthu tsopano limabwerera pa mkuyu patangopita zaka zochepa. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, misomali yosachita dzimbiri ndi penti zinakwera mtengo, ndipo eni maboti ambiri anayamba kupempha misomali wamba, imene atsibweni amakhoma mtima ukuwawa, podziwa kuti dzimbiri lidzaidya mkati mwa thabwa mmene diso silifika.

Mwa mwambo, malowo ndi a mbumba ya mayi anga, ndipo ine, mwana wamwamuna woyamba wa mlongo wawo, ndi amene ndinayenera kulandira nyundo kwa atsibweni. Anandiphunzitsa mpaka ndinafika poyala msana ndi kuimika nthiti ndekha. Koma ndinkaona anzanga amene ndinkasewera nawo pamchenga akubwera kuchokera ku Joni kudzakhometsa maboti kwa ife, ndipo ndinawerengera kuti phindu la boti limodzi, limene tinkalikhoma mwezi wathunthu, silinkakwana fizi ya azichemwali anga. Ndinanyamuka ndikunena kuti ndikukafuna ndalama za makina ochekera ndi opalira, ndipo ndibwerera pakatha zaka ziwiri. Lero ana anga, amene anabadwira kuno, amalankhula Chizulu ndi Chingerezi kuposa Chichewa, ndipo ntchito yanga ndi yokhoma makabati a m'khitchini m'nyumba za kumpoto kwa mzinda, ndi matabwa a utuchi wopanikiza amene amafufuma akangokhudza madzi. Ntchitoyi yaphunzitsa azichemwali anga, yamangira mayi nyumba ya malata, ndipo ndi imene inalipira maso a atsibweni, choncho sindiinyoza. Koma pafupifupi anyamata onse amene anaphunzira kugwira chopalira pansi pa mkuyu uja ali kuno, ku Cape Town kapena ku Durban, chifukwa luso lomwelo ndi limene limawapezetsa ntchito msanga akangotsika basi.

Lamlungu lomaliza ndinawatengera ku Zoo Lake, kumene kuli timaboti topalasa tobwereketsa pa dziwe lochita kukumba. Sanafune kukwera. Ananjuta pagombe, anagogoda kaboti kamodzi ndi chala, anayang'ana mmene kamakhalira pamadzi mulibe munthu ndi mmene kamapendekera munthu akalowa, kenako anayamba kundiuza zimene akanasintha kakanakhala koti kakakumane ndi mwera. Bambo wina amene anali pa kapinga ndi banja lake atamva Chichewa anabwera kudzatipatsa moni, ndipo titadziwana kwathu ananena kuti iye ndi wa ku Salima, koma boti limene linamulera, la malemu bambo ake, linagulidwa ku Nkhotakota pansi pa mkuyu wina. Atsibweni anamufunsa ngati linali ndi thabwa lofiirirapo kuposa ena kudzanja lamanzere, ndiponso ngati mpando wa pakati unali wochotseka. Bamboyo anavomera zonse ziwiri modabwa. Linali la mlombwa wa kumalire a munda wa amfumu, ndipo thabwa lofiiralo linali la mbawa chifukwa mlombwawo unaperewera. M'milungu isanu ndi umodzi yonse anali asanalikumbukire, ndipo ndinalilemba pomwepo kuseri kwa risiti.

Usiku woti mawa anyamuka ndinawafunsa kuti, "Atsibweni, zikombole zija mudzasiyira ndani?" Anayankha kuti, "Ndi zako, mphwanga, palibe angakulande. Koma sizingabwere kuno kopanda madzi." Kenako anandiuza za mwana wa mchemwali wanga wamng'ono, mnyamata wa Fomu 2, amene akaweruka kusukulu amabwera yekha pa mkuyu kudzagwira chitsulo m'mimba mwa boti, ndipo wayamba kale kufunsa mtengo wa basi ya ku Joni. Sanandipemphe kuti ndimuletse kubwera. Anangopempha kuti ndisamutumizire ndalama ya ulendo mpaka atakhoma boti limodzi yekha, kuyambira msana mpaka phula, n'kuligoneka m'madzi sabata yathunthu. Ndinavomera. M'mawa mwake tinadzera ku shopu ya zomangira, kumene ndinagula misomali yosachita dzimbiri yokwanira maboti awiri ndi chobowolera cha batire, ndipo pokwerera basi anatilipiritsa padera chifukwa cha kulemera kwa katoniyo. Patatha milungu itatu mchemwali wanga ananditumizira chithunzi pa WhatsApp. Msana watsopano wayalidwa pamchenga, nthiti zisanu zaimikidwa, atsibweni aima pambali atavala magalasi awo akuda, ndipo mnyamatayo wagwada kumphuno atayandamitsa chikombole cha agogo pa mphanda imene sanaidule.